Mzere wa Fotini

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha apongozi anga aamuna, a Eliyasi Nyoni, patatha chaka ndi miyezi itatu chimwalirireni. Abusa analankhula bwino ndithu. Anati malemu anali mlimi wakhama, mkulu wa mpingo, ndiponso munthu wosadziwa kukangana. Pa mfundo yachitatuyi ndinaona apongozi anga aakazi, aNangozo, akukonza duku lomwe linali lokonzeka kale. Za tirigu palibe anatchula. Ine nyimbo zinkangondidutsa, maganizo ali kuseri kwa nyumba pa kamzere ka masamba owonda, ndikudzifunsa ngati Fotini adakali moyo kapena anatsagana ndi mwini wake.

Fotini si munthu. Ndi tirigu.

Kwathu kuno, kumapiri a kumtunda kwa Biriwiri, tirigu si wachilendo. Anthu amamumwaza mvula ikamapita kumapeto, nkhungu n'kumamulera mpaka kukolola. Koma a Nyoni sankamwaza. Anali ndi mizere itatu yaifupi kuseri kwa nyumba, uliwonse ndi dzina lake: Fotini, Twente-eyiti ndi Fote-thu. Mlendo akamva akunena kuti Fotini wadzuka wofooka lero, ankafunsa ngati mwanayo apita naye kuchipatala.

Mayinawa anachokera ku ntchito. Pa unyamata wawo ankagwira pa famu ya kafukufuku wa mbewu, kutali ndi kuno, ntchito yotsuka magalasi ndi kuthirira mbande. Ankakonda kusimba kuti tsiku lina masana mkulu wa ntchitoyo anawaitana kuti asuzumire m'makina nsonga ya muzu wa tirigu yopakidwa utoto wofiira. Anaona timaulusi todukaduka titamwazika m'kachipinda kamodzi. Anauzidwa kuti ndi makromozomu, kuti m'menemo ndi momwe mbewu imasunga mtundu wake, ndipo anawerenga okha mpaka khumi ndi anayi, fotini pa Chingerezi. Mu tirigu wina anapeza makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Wathu wa buledi uyu, makumi anayi ndi awiri. Atapuma ntchito anabwera kumudzi ndi zinthu ziwiri zomwe aNangozo sanazione phindu: maikulosikopu yakale yomwe ofesi inkafuna kutaya, imene ife tinkangoti galasi, ndi maenivelopu atatu a mbewu.

Mbewuzo ankazidzala chaka ndi chaka osadumphitsa. Ankati kuno kunkhungu mbewu siichedwa kufera m'chitini, anankafumbwe ndi chinyezi zimathandizana, ndiye njira yoisungira ndi kuibwezera m'nthaka. Fote-thu akanamupeza kwa aliyense wa ku Tsangano. Twente-eyiti mwinamwina. Koma Fotini m'dera lonse lino anali pa mzere umenewo pokha, ndipo iwo ankakhulupirira kuti kuphonya chaka chimodzi kunali kumutaya.

Kunena zoona, Fotiniyo sanali wopatsa chidwi. Masamba opyapyala ngati udzu wa m'mbali mwa njira, ngala zazing'ono, kukhwima mochedwa. Njere yake imakana kuchoka m'mankhusu, ungapunthe bwanji. ANangozo ankati malo amenewo akanadzalapo kachewere bwenzi akudya zinthu zooneka. A Nyoni ankayankha kuti Fote-thu ndi mwana wa mabanja atatu a udzu, aliyense anaperekako timaulusi khumi ndi tinayi, ndipo banja limodzi mwa atatuwo ndi abale ake a Fotini. Kenako ankamaliza ndi mwambi woti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. ANangozo ankati amayi awo anawaika okha m'manda ndipo sanali udzu.

Galasi lawo linalibe mphamvu, ndiponso analibe utoto wofiira uja, choncho timaulusito sanationenso moyo wawo wonse. Chimene anaphunzira ndi kuwerenga nambala ija pa tsamba. Ankatenga utoto wa zikhadabo, wosakhala ndi mtundu, woonekera ngati madzi, n'kupaka pang'ono kunsi kwa tsamba. Ukauma ankamata selotepi, n'kusenda, n'kuimata pa kagalasi. Khungu lonse la tsamba linkadindika pamenepo. Ndiye ankaika galasi pa windo la kum'mawa, n'kumadikira. Kalilole wake wolandirira kuwala anali wothimbirira, ankafuna dzuwa lenileni, ndipo kuno miyezi yozizira dzuwa limabwera pamene lafunira. Ndimawakumbukira kwambiri chonchi, atakhala pa windo ndi chipewa chaubweya, manja m'khwapa, nkhungu ikudutsa pabwalo pang'onopang'ono, mitengo ya mapichesi ikuoneka n'kubisikanso.

Ine ndinabwera pakhomopa ngati mtengwa, mkazi wa mwana wawo Yosefe, ndipo mtengwa ndi apongozi aamuna sakhalirana pafupi. Ndikawapatsa moni ndinkagwada chapatali, maso kumbali. Zaka ziwiri zinatha tisanalankhulane mawu opitirira moni. Tsiku lina m'chaka chachitatu ndikusesa, ndinamva akutsokomola mwadala. Anatuluka m'nyumba, anazungulira, n'kukaima pakhonde kunja kwa windo, msana atatsamira khoma, nkhope kuyang'ana kumapiri.

"ANaphiri, m'nyumbamo mulibe munthu. Kalowenimo musuzumire, dzuwa lisanathawe."

Ndinalowa. Poyamba ndinangoona nsidze zanga. Iwo kunja kuja ankandiuza kuti nditseke diso limodzi, ndipotoze pang'ono kachitsulo ka kumanja. Kenako zinangotseguka. Ndinaona dziko loyera ngati m'madzi, lodzaza ndi tizipinda tatitali tondondozana, ndipo pakati pake, mzere ndi mzere, timilomo tiwiritiwiri, tina totseka, tina tongoyasamula pang'ono. Sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Tsache ndinaliiwala pansi, ndipo ndinkamva ngati ndikuyenda m'mudzi wina umene anthu ake onse angotulukamo kumene.

"Mwaona chiyani?" anafunsa kunja kuja.

Funso limeneli anandifunsa zaka khumi, nthawi zonse ali pamalo omwewo, khoma lili pakati pathu. Mwambo sitinauphwanyepo, koma palibe munthu pamudzi pano amene ndinacheza naye kwambiri kuposa iwo.

Anandiphunzitsa kusiyanitsa atatuwo popanda kuuzidwa. Fote-thu ali ndi tizipinda tatikulu, towerengeka, ndi milomo ikuluikulu yotalikirana. Fotini ali ndi tizipinda tating'ono tothithikana, timilomo tambirimbiri, ndi mitsempha yoyandikana. Twente-eyiti amakhala pakatikati, ndipo a Nyoni ankamunena kuti ndi munthu wosafuna kulakwira aliyense. Timaulusi tikachuluka, ankatero, chipinda chimakula kuti tikwanemo. Koma chipinda chikakula, mpweya wolowera pakhomo umachedwa kufika pakati. N'chifukwa chake ukadula kachidutswa kofanana ndi chikhadabo pa masamba awiriwo, ka Fotini kamadya dzuwa mwachangu kuposa ka Fote-thu. Fote-thu amapambana ndi kutambalala kwa tsamba ndi kunenepa kwa njere basi. Ankaseka n'kunena kuti m'dziko muno wogwira ntchito kwambiri ndi wina, wodzaza thumba ndi wina. ANangozo akamva zimenezi ali kukhitchini ankati akudziwa bwino amene akugwira ntchito kwambiri pakhomo pano, ndipo safunika galasi kuti amuone.

Utoto wa zikhadabo uja ndinkagula ndine, ndipo wondituma anali aNangozo eni ake. Chifukwa chake ndi nkhani imene inachitika chaka changa choyamba pabanja, imene abusa sanaitchule pa chiliza.

Botolo limene a Nyoni anabwera nalo kuchokera kuntchito linali litauma. Tsiku la msika anapita ku Lizulu ndi matumba a kachewere, ndipo atagulitsa anakaima pa tebulo la mtsikana wogulitsa zodzoladzola. Munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, anayamba kutsegula timabotolo. Pofuna kuona ngati utotowo unali woonekera bwino, anapaka pa chikhadabo cha chala chawo chachikulu, n'kuchikweza kudzuwa, n'kumachitembenuza akumwetulira. Mayi wina wa kumpingo kwathu anali chapafupi akugulitsa kabichi. Nkhaniyo inafika pamudzi iwo adakali pa msewu kudikira galimoto.

ANangozo anaimva ali pa chitsime. Ndinawaona akuyang'ana zikhadabo zawo, zothyokathyoka ndi kukumba mbatata, zomwe sizinalawepo utoto chibadwire. Ngati botololo silinali lawo, linali la yani? Zoti amuna awo ankapaka chinachake pa masamba sankazidziwa, chifukwa a Nyoni za pa windo sanawauzepo, poganiza kuti sizingawasangalatse. Sanalalate. Anatula ndowa, anatenga chikwakwa, n'kupita kuseri kwa nyumba. Mizere iwiri anaidutsa osaikhudza. Anatchetcha Fotini yense mpaka pansi, n'kukaponyera mbuzi.

Chaka chimenecho m'chitini munalibe kanthu. Zokolola za chaka chapitacho zinali zochepa, ndiye mbewu yonse inali m'nthaka. A Nyoni atafika anaima pa mzerepo, anavula chipewa, n'kukhala choncho mpaka mbuzi zitamaliza kudya. Masiku atatu nyumba inali zii. Munthu wosadziwa kukangana uja anakangana ndi akazi awo masiku atatu osatulutsa liwu limodzi, ndipo ine, mtengwa watsopano, ndinkayenda monyang'ama pakati pawo.

Loweruka akuluampingo anaitana a Nyoni kutchalitchi kuti akafotokoze za botolo. Anamanga bokosi la galasi pa njinga, anathyola tsamba la Fote-thu, n'kupita. Ife amayi tinakhala panja pa udzu, khomo lili lotseguka. Atafunsidwa kuti utotowo anagulira yani, anatulutsa botolo m'thumba la jekete, anapaka tsamba pamaso pa onse, anasenda, anaika galasi pa windo, n'kunena kuti umboni wawo ubwera dzuwa likatuluka.

Tsiku limenelo nkhungu inali yoti sungaone nsanja ya belu. Akuluakulu asanu ndi mmodzi anakhala pa benchi kudikira dzuwa. Mlandu unaima. Anayamba kukamba za feteleza, kenako za chiwawu cha mbatata, kenako nkhani zinatha, wina mpaka anasinza. Ine ndinkayang'ana nkhungu ikuyenda pakati pa mitengo ya bulugamu, ndikuganiza kuti banja la anthu awiri akuluakulu lapachikika pa mtambo. Dzuwa linaboola cha m'ma teni koloko. Mkulu wa onse, bambo wina wosaseka wamba, anawerama pa galasi. Anakhalitsa. Atadzutsa mutu nkhope inali ngati ya mwana.

"Tsamba lili ndi pakamwa? Ndiye likunena chiyani?"

"Silikunena kanthu, bambo. Likungopuma."

Onse anasuzumira, ena kawiri, ndipo mlandu unathera pomwepo. Ataitana aNangozo kuti nawonso adzaone, anadzuka, anasasa chitenje, n'kuima pakhomo osalowa.

"Bambo a Yosefe, mwaonetsa msika, mwaonetsa mpingo. Ine ndagona m'nyumba imodzi ndi bokosi limeneli zaka zonsezi, simunandiitanepo. Lero sindiona."

Ndipo sanaonedi, tsiku limenelo ngakhale zaka zonse zotsatira. A Nyoni anayesa kangapo kuwaitana, koma mayiwo ankakhala ndi nyemba pamoto kapena mbuzi yomasuka. Koma pali china chimene ndinachiona ine ndekha. M'mawa uliwonse wa mwezi umenewo aNangozo ankatenga madzi otsukira mbale, omwe nthawi zonse ankathira pa nthochi, n'kukathira pa ziputu za Fotini, maso akuyang'ana kwina. Ziputuzo zinaphukira. Chaka chimenecho a Nyoni anakolola ngala zisanu ndi zinayi, ndipo ankanyadira kuti Fotini ndi mbale wa udzu, ukamudula amabweranso. Za madzi aja sindinawauze, ndipo lero ndimadandaula.

Anadwala chibayo mu Malichi chaka chatha, nthawi yeniyeni yodzala. Tsiku lopita nawo kuchipatala, akuwanyamula kudutsa pabwalo, anatembenuzira nkhope kumbali monga mwa mwambo n'kunena motsitsa kuti, "ANaphiri, mvula ikutha." Ndinamva chimene ankatanthauza. Ndinati ndidzadzala akabwerako, kuti adzaime pambali n'kumandiuza kutalikirana kwa mapando. Anabwerako m'bokosi.

Maliro atatha, achibale anasesa chipinda chawo n'kugawana zovala. Ena anachokera ku Kasinje, anthu a kuchigwa olima mpunga, amene tirigu amangomudziwa pa buledi. Anapeza zitini zitatu zabwinobwino zotsekeka, zoyenera mchere ndi shuga. Anakhuthula zonse m'lichero limodzi, poti tirigu ndi tirigu. Njere za m'mankhusu zija anaziyesa zosapunthika bwino, ndipo pamene ndinkalowa mayi wina anali atayamba kale kupeta. Ndinalanda lichero mwamwano, zimene sindinachitepo kwa mlendo. Ndinathira zonse m'kathumba, ndinapachika kudenga, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Mvula inatha tili pa chisoni. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni a Nyoni kumudzi, mizere itatu ija inagonera.

Mu Febuluwale chaka chino aNangozo anandiuza kuti nditsitse kathumba kaja. Anayala mphasa pabwalo, anakhuthula, n'kuyamba kusankha. Njere zambiri zinali ufa wokhawokha, anankafumbwe atachita phwando. Iwo ankangopapasa ndi zala, nkhope ili m'mwamba, n'kumaika pambali iliyonse yokhala ndi mankhusu. Ndinawafunsa kuti akumudziwa bwanji osayang'ana. Anati munthu amene wakulanda mwamuna zaka makumi atatu sungamusokoneze ndi wina. Zinakwana theka la kapu ya tiyi, ndipo tinadzala pamzere womwewo.

Panamera tinthu towerengeka, pakati pa udzu wina umene unalowerera m'chaka chogonera chija. Ndinapalira mwamantha, osadziwa ngati ndikusunga tirigu kapena ndikulera udzu. Ngala sizinatuluke, Fotini ndi wochedwa. Galasi linali pomwepo m'bokosi, koma ndinkaopa kulitsegula, chifukwa bola kusadziwa kusiyana ndi kumva kuti wapita. Umu ndi mmene tsiku la chiliza linandipezera.

Lolemba, alendo onse atapita, aNangozo anabwera kunyumba kwanga m'mawa. M'dzanja limodzi anali ndi tsamba lopyapyala, m'dzanja lina botolo lomaliza limene ndinagula.

"Tiyeni mukandionetse zimene ankaona bambo anu."

Titafika kunyumba kwawo anapaka okha, utoto wina n'kudontha pa chikhadabo chawo. Sanaupukute. Ndinasenda, ndinamata pa kagalasi, ndinaika galasi pa windo, ndipo tinakhala pansi kudikira dzuwa. Nkhungu inali itadzaza pabwalo mpaka mapichesi osaoneka. Kuwala kutafika ndinakonza kalilole, n'kuwagwira dzanja kuwakhazika pa mpando wa amuna awo. Anawerama. Ndinapotoza kachitsulo uku ndi uku. Anasintha diso, anabwereranso ku loyamba.

"Ndikungoona kuyera, mwana wanga."

Pamenepo ndinayang'anitsitsa maso awo pa dzuwa, ndipo ndinaona ng'ala, yotuwa m'maso onse awiri. Ndinakumbukira zala zija pa mphasa. Ndinachita manyazi kuti ndakhala nawo pakhomo limodzi osazindikira. Ndinati tidzapita kuchipatala, ng'ala amachotsa masiku ano. Anati zimenezo tidzakamba, koma panopa ndisuzumire ine ndiwauze.

Ndinasuzumira. Kenako ndinatenga m'bokosi kagalasi kakale kolembedwa 14 ndi dzanja la a Nyoni, ndinakaika, ndinabwezeranso katsopano. Tizipinda tating'ono tothithikana, timilomo tambirimbiri, mitsempha yoyandikana. Ndinawafotokozera zonse pang'onopang'ono, mmene ndinkafotokozera munthu wa kunja kwa windo.

"Ndi yemweyo, amayi. Ndi Fotini."

Anasisita ndi chala utoto wouma pa chikhadabo.

"Ali kukamwa kotseguka?"

"Ambiri ndi otseguka."

"Ndiye akupuma," anatero. Anadzuka, n'kunena kuti akukamasula mbuzi, ndipo akazimanga kutali ndi kuseri kwa nyumba.

Ndinatsala ndekha pa windo. Kunja kwake, pakhonde, pali malo amene khoma linasalala n'kuda chifukwa cha phewa la jekete limodzi, ndipo pansi pake dothi linakumbika pang'ono pomwe zidendene ziwiri zinkaponda. Pozira khonde chaka chino aNangozo anazungulira malowo osawakhudza. Nkhungu inali ikubwereranso kuchokera kumapiri, inadutsa pa mizere itatu ija, inakwera pakhonde, n'kuima pamenepo. Ndinadikira pang'ono, diso lili pa galasi, kuti wina andifunse chimene ndaona.